Mkamwini wa Galimoto ya Mipando Iwiri

Kufupi ndi Sinda kuli mkamwini wina amene anabwera kuchokera kumigodi ndi galimoto yofiira, yopanda denga, ya mipando iwiri yokha. M'mawa uliwonse amaipukuta ndi malaya ake akale, mkazi wake akupita yekha kumunda wa thonje. Ukamupempha kuti akunyamulire thumba la mtedza, amakuyang'ana ngati wamutukwana. "Iyi si ngolo," amatero. "Iyi chakudya chake ndi msewu." Akalowa mumsewu waukulu wa ku Fort Jameson, chimene umaona ndi fumbi ndi nthenga za nkhuku.

Tsiku lina apongozi ake aakazi analumidwa ndi njoka pamwendo akupalira. Kwathu kuno mkamwini akaona apongozi panjira amapatukira kutchire, koma chipatala cha mishoni chili kutali, ku Katete, ndipo mpando wotsala ndi womwewo wa pambali pake. Anthu anagwira pakamwa poona mayiwo akukwezedwa atafunda chitenje kumutu, phewa lawo litagundana ndi la mkamwini.

Iye anayendetsa pang'onopang'ono mwaulemu, thukuta lili kamukamu, mtima ukuti makolo akuona zonsezi. Atawoloka mlatho, m'chitenje munatuluka mawu, oyamba kumulankhula chimukwatirire mwana wawo.

"Kodi liwiro lija mumaphera nkhuku zanga lapita kuti?"

Mkamwiniyo mutu unaima, koma phazi linaponda mafuta.

Mayiwo anachira bwinobwino. Chomwe chikumusowetsa mtendere mkamwiniyo n'chakuti Loweruka lililonse apongoziwo amatumiza mawu kuti mwendo uja wayambanso kuwawa, ndipo akafika amawapeza atamanga kale duku kuopa mphepo.