Magazini Yothothoka Masamba Omaliza

Chaka changa choyamba ku Dublin, Loweruka lililonse ndinkathandiza mu shopu ina ku Clondalkin, komwe anthu amasiya zovala ndi mabuku akale kuti zigulitsidwe pothandiza osowa. Ndinkagwira ntchito ndi mayi wina wachikulire wa ku Zambia, nesi wopuma, amene ankanditenga ngati mwana wawo ngakhale kuti ineyo ndinali nditasiya ana anga awiri ku Zomba pobwera kusukulu.

Tsiku lina kunabwera bokosi lonunkha chinyontho. Munali magazini akale a mapepala achikasu, ofumbutuka ukangowagwira mosasamala. Pazikuto panali zombo zosongoka ngati singano, anthu ovala zipewa zagalasi, kwinaku dzuwa lobiriwira. Nditaona zaka zomwe anasindikizidwa ndinayamba ndakhala pansi. Amayi anga anali asanabadwe, ndipo panalibe munthu amene anali atapitako m'mlengalenga.

Nthawi ya lanchi ndinawerenga nkhani imodzi. Inali ya khukhi wa m'chombo chopita kudziko lina lakumwamba. Mkuluyu anakanda ufa wa buledi, koma poti kumeneko kulibe chokokera zinthu pansi, ufawo unangotupa osasiya. Unadzaza khitchini, unatsekereza kaputeni m'bafa. Atatera, chitseko chitatseguka, choyamba kutuluka chinali chiufa chija, ndipo eni dzikolo anachigwadira poganiza kuti mtsogoleri ndi ameneyo. Ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa.

"Manje iwe useka chani wekha?" anafunsa mayi aja.

Ndinawafotokozera, nawonso anagwira nthiti. Koma potembenuza tsamba tinapeza kuti masamba omaliza anathothoka kalekale. Tinasanthula bokosi lonse, osawapeza. Sabata imeneyo ndinkaganiza za khukhiyo ngakhale m'kalasi.

Patapita masabata awiri, kunalowa agogo ena aamuna, aatali, oyendera ndodo, jekete litanyowa ndi mvula. Anafotokoza mwaulemu kuti mwana wawo wamkazi, powasamutsira m'nyumba yaing'ono, anapereka bokosi lina osadziwa kuti ndi lofunika. Magazini angapo anali atagulidwa kale, koma ambiri analipo. Titawatulutsira, anangoyendetsa chala pachikuto chimodzi pang'onopang'ono.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati ankadziwa mathero a nkhani ya khukhi. Anapempha mpando. Atakhala, anatseka maso, n'kuyamba pa chiganizo chenicheni chomwe tsamba langa linathera. Ndinatsegula magaziniyo kuti nditsimikize, ndipo mawu ake anali omwewo. Kuchokera apo anapitiriza okha, akusintha mawu, pena kaputeni wolusa, pena khukhi wonjenjemera. Eni dziko aja anakambirana ndi chiufacho masiku atatu, ndipo poti sichinawadule mawu ngakhale kamodzi, anagamula kuti mlendo wanzeru chotero sanamuonepo. Anachipatsa ukazembe, khukhi n'kukhala womasulira wake.

Mayi a ku Zambia ankapukuta misozi ndi sikafu yogulitsa. Ine kuseka kunandithera pakati. Agogowa anati masamba amenewo anatayika iwo ali mnyamata, koma nkhani inatuluka yathunthu, osakakamira paliponse.

Anatiuza kuti ankawerengera m'kashedi kosungira malasha, chifukwa bambo awo ankati n'zopusa. Masiku amenewo akayang'ana kumwamba ankadziwa kuti kulibe chilichonse chopangidwa ndi munthu. Kenako, ali bambo wa ana, anaona pa TV anthu akuyenda pamwezi.

"Ndinalira tsiku limenelo," anatero. "Koma ndinkangodikira kuti wina apunthwe, kapena aiwale makiyi a chombo. Ife owerenga magaziniwa tinali titafikako kale tikuseka."

Ndinawayang'ana manja awo amitsempha ali pandodo. Sindinkamvetsa kuti moyo wa munthu mmodzi ungatalike chotero, kuchokera m'kashedi ka malasha mpaka m'nthawi yomwe foni ya m'thumba mwanga imafunsa njira kwa makina oyandama kumwamba.

Bokosi linali lolemera, ndiye tinagwirizana kuti azitenga magazini asanu Loweruka lililonse. Ankafika cha m'ma 11, mayi aja atawasungira kale mpando pafupi ndi hita, ndipo asananyamuke ankatisimbira nkhani imodzi. Makasitomala ena anazolowera kubwera nthawi yomweyo, n'kumanamizira kusankha majuzi. Bokosilo linatha masika atayamba, koma iwo anapitiriza kubwera mpaka ine nditamaliza maphunziro.