Chigafa cha Mawindo

Ku Nsaru, munthu akafuna chigafa chosagwa ndi mphepo, amapita kwa a Filipo Chikoti. Ndi kalipentala wamfupi, wa pensulo kukhutu, wosachedwa kuseka koma waulesi polankhula. Kwa zaka makumi awiri ankamangira anzawo zigafa zopachikamo fodya, pamene iwo ndi akazi awo, a Lidiya, ankagona m'nyumba ya zidina yong'aluka kumbuyo.

Pokwatirana analonjeza nyumba ya njerwa zootcha. Koma nkhuni zootchera njerwa zili kuti masiku ano? Mitengo ya kuno inathera m'mauvuni kalekale. Ndiye a Filipo anagwetsa bulugamu yense amene anadzala m'malire a munda wawo, n'kucheketsa matabwa. Kamangidwe kake anakaona m'tauni kwa mmisiri mnzawo: nsanamira zimakhala pa timaziko ta simenti kuti chiswe chisakwere, matabwa amawapaka mankhwala, ndipo khoma amalikhomera pansi lonse kenaka n'kulidzutsa lathunthu.

Tsiku lodzutsa makoma, anthu anabwera kudzaonerera. Mlamu wa a Filipo, a Paulo, mchimwene wa a Lidiya, munthu wosasunga mawu m'kamwa, anazungulira kawiri n'kuima.

"Alamu, koma chigafa ichi ndiye chakula! Kodi fodya wake ali kuti?"

Anthu anafa nalo phwete, ndipo dzinalo linakanirira.

A Lidiya okha sanaseke. Iwo anakulira pa esiteti, makolo awo ali matenanti, m'chisakasa cha udzu chotsamira kuchigafa. Mawu oti chigafa ankawanunkhira umphawi.

"Abambo a Tiyanjane," anatero atakhala awiri, "ine m'chigafa ndinatulukamo ndili mtsikana. Sindibwereramo ndi imvi."

Mawuwa anawalasa a Filipo. Mitengo yawo yonse inali m'nyumbayo, ndipo mwininyumba akaikana, ikanangokhala khola la mbuzi. Koma kukangana sakudziwa. Anangopitiriza kukhoma, kupala, kuika malata ndi mawindo anayi. Nyumba inatha, n'kukhala milungu itatu yopanda munthu.

Lachiwiri lina a Filipo atapita kumsika kukagula maloko, a Lidiya analowamo okha, cholinga chokapeza chifukwa choikanira. Anakankha khoma, silinagwedere. Anasuzumira m'makona kufuna chiswe, osachipeza. Kenaka anayang'ana pansi. Sipanali simenti, koma matabwa opalidwa bwino, okwezeka pang'ono. Apo anakumbukira kuti chaka ndi chaka, ikafika Juni, amadandaula kuti pansi pozizira pamawadzutsira nyamakazi ya m'miyendo. Ankayesa bamboyo samva, poti sankayankha. Anavula masilipasi n'kuponda. Panali pofunda.

A Filipo pobwera anapeza mphasa ndi ndowa zili pakhonde, a Lidiya akusesa m'kati. Sanafunse kanthu, kuopa kuti angaononge. Anangokhala pansi n'kuyamba kumasula maloko.

Posakhalitsa a Paulo anatulukira, n'kulunjika pakhomo ndi nsapato zawo zafumbi.

"Eti alamu, fodya tipachika liti m'chigafamu?"

A Filipo asanatsegule pakamwa, a Lidiya anaima pachitseko, tsache lili m'manja.

"Achimwene, vulani nsapatozo. Mukulowa m'nyumba mwanga."