Phazi Limene Linachedwa Kupola

Singano ya amayi inkakhala m'kabango kotseka ndi thonje, kotsomeka kudenga pamwamba pa chitseko. Sinali yosokera. Ntchito yake inali imodzi basi, kuchotsa matekenya, ndipo m'mudzi mwathu muja, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, panalibe wodziwa ntchitoyo kuposa amayi. Thekenya ankalizungulira pang'onopang'ono, kutukula khungu m'mbali, mpaka thumba lonse lituluke lathunthu ngati kanjere ka mapira, osaphulika. Kenako kadontho ka palafini pabowopo, mwana azipita akulira.

Chilimwe chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, nthawi ya Chitaganya. Amalume anabwera kutchuthi kuchokera ku Halale, atavala nsapato zolira poyenda. Akazi awo kumeneko anali ndi khanda, ndipo ankafuna mtsikana wolera. Analoza ine. Kwathu mwini mbumba ndi amalume, ndipo akanena, mlongo wawo satsutsa. Abambo anangopitiriza kusoka ukonde wawo. Amayi anati, "Chabwino achimwene," ali chogwada. Ine ndinavina pabwalo mpaka fumbi koboo. Anandilonjeza nsapato, diresi, ndi kukwera sitima ya pamtunda. Za sukulu ya mishoni, kumene ndinali nditangoyamba kuwerenga bwino, sizinandidutse n'komwe m'mutu.

Fumbi lomwelo ndi limene linandipatsa matekenya atatu, awiri kunsi kwa zala, limodzi kuchidendene. Amayi anayang'ana nati, "Sanakhwime, tidikire masiku awiri." Ankanena zoona, thekenya likadali laling'ono siligwirika, umangolikankhira m'kati. Koma ine wa ku Halale ndidikire? Ndinaba mbedza ya abambo, ndinakakhala kuseri kwa mtengo wa mango n'kuyamba kudzikumba ndekha. Thumba la kuchidendene linaphulika. Mbedzayo inali itakola nyambo dzulo lake, ndipo sindinaitsuke. Patapita masiku awiri phazi linali litatupa ngati chinangwa choviika, fungo lakenso lomwelo.

Ulendo wa ku Halale unkayamba wapansi mpaka kuboma, ndipo panalibe woti n'kundibereka. Amalume anati adikira. "Koma mvula ikangoyamba ine ndapita, tchuthi changa chikutha," anatero. Kuyambira tsiku limenelo moyo wanga wonse unali pa zinthu ziwiri, chidendene ndi mitambo.

Amayi anandiyalira mphasa pakhonde, nandiletsa kuponda pansi. M'mawa ndi madzulo ankatsuka balalo ndi madzi ofunda amchere, kufinya mafinya, n'kumanga ndi chigamba cha nsalu yakale. Dziko langa linathera pa nsanamira ya khonde. Kuchimbudzi ankachita kundibereka, chimtsikana chachikulu miyendo ili lendee, ana anzanga akuseka. Ndinkawamva akuthamangira kukasambira, ndinkamva mango akugwa phu kuseri, wina n'kutola. Dzuwa likafika pamutu, mphasa inkatentha, ntchentche zili ng'waa pa nsanza ija. Ndinadziwa nkhuku iliyonse ya pakhomo ndi khalidwe lake. Kunyong'onyeka kumeneko sindinakuonenso, ngakhale m'chipatala mmene ndagonamo nditakalamba.

Aphunzitsi anali atatiuza m'kalasi kuti bala la thekenya likasamalidwa limapola m'masabata awiri, lotukusira mwina anayi. Ndinkalemba masiku pakhoma ndi khala. Sabata yachitatu kutupa kunaphwa. Yachinayi nkhanambo inagwa yokha, pansi pake pali kakhungu katsopano kofiirira, kosalala. Ndinawaonetsa amayi. Iwo anati, "Chapola pamwamba pokha, m'kati mukadali mafinya," n'kumanganso nsanza yomwe ija, yosachapa.

Amalume ankabwera kudzaona masiku angapo alionse. Amayi ankamasula pang'ono, kugwira phazi langa pamwendo pawo, n'kukanikiza chikhadabo cha chala chachikulu pakakhungu katsopano kaja. Ndinkakuwa mpaka nkhuku kubalalika. "Mwadzimvera nokha achimwene," ankatero. Amalume ankapukusa mutu n'kuyang'ana kumwamba. Ndinene zoona, masiku amenewo amayi ndinkadana nawo. Ndinkati manja awo aja, amene mudzi wonse unkawatama, afika pa ine aiwala ntchito.

Tsiku lina aphunzitsi anabwera kudzafunsa chifukwa chimene ndinasowera. Ndinasangalala, ndinati mboni yanga yafika. Anamasula nsanza yonse okha, anayang'ana chidendene nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi. Amayi anali kupeta mpunga, maso ali m'lichero. Aphunzitsi anamanganso phazilo bwinobwino. "Ena amachedwa," anatero. "Asaponde pansi." Munthu wophunzitsa katekisimu ameneyo! Lero ndikamukumbukira ndimaseka, koma tsikulo ndinatembenukira kukhoma n'kufufuta mizere yanga yonse ndi malovu.

Sabata yachisanu ndi chiwiri mitambo inayamba kuunjikana kumapiri, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Amalume sanadikirenso. Anasankha mwana wa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene nyumba yawo inali moyang'anana ndi yathu. Mtsikanayo tinkasiyana chaka chimodzi, tinkagona mphasa imodzi. M'mawa wa ulendowo anadutsa pakhomo pathu atasenza kamtolo, atadzola mafuta mpaka kuwala. Ndinakuwa kuti ndapola, ndinang'amba nsanza, ndinadzuka kuti ndiwathamangire. Miyendo yokhala pansi masabata onsewo inakana. Ndinagwa chafufumimba patsinde pa khonde, mchenga m'kamwa. Amalume anacheuka nati, "Waona? Amayi ako amanena zoona." Anapitirira.

Tsiku lotsatira amayi anatola nsanza ija ndi kamtengo n'kukaitaya kudzala. Anandigwira mkono, kundiyendetsa kuzungulira nyumba kawiri ngati mwana wophunzira kuyenda. "Lolemba upite kusukulu," anatero.

Ine sukulu ndinapitiriza, mpaka ndinadzagwira choko inemwini. Mwana wa amayi aang'ono uja anabwerera kuchokera ku Halale patapita zaka zambiri, ali ndi ana akeake, ndipo makalata ake ndinkamulembera ndine. Amayi sakanatha kunena kuti ayi kwa mlongo wawo, ndiye anasiya chidendene changa chiwanenere. Kodi ankadziwa kuti ine ndikatsala apita wina? Ankadziwa ndithu. Mbumba yathu inali ndi atsikana awiri okha a msinkhu umenewo.

Koma izi ndi nzeru za lero. Nthawi imeneyo ndinkangolira nsapato zanga, ndipo ndinakhala masiku ambiri osawayankhula amayi. Mvula inagwa, matekenya anachepa, anthu anapita kukaoka mpunga kudambo. Ndinkaona amayi aang'ono akusinja okha kuseri kwa nyumba yawo, pamene kale ankasinja awiri ndi amayi mumtondo umodzi, akuimba. Ndinkaona amayi popita kukatunga madzi akuzungulira njira yaitali ya m'chinangwa, kusiya yachidule yodutsa pakhomo pa mng'ono wawo. Ndinkadabwa kuti akuthawa chiyani, popeza wolakwiridwa m'mudzi monsemo ndinali ine ndekha.