A Lenia Tembo ndi ng'ombe zamawanga za ku Chiparamba

A Lenia Tembo sanakulire pakhomo la ng'ombe. Amene ankazidziwa anali amuna awo, a Wilbroad, omwe ankakama mkaka pa famu ya mzungu wina kufupi ndi Fotijemisoni, tauni imene lero timati Chipata. Chitaganya cha maiko atatu chitangoyamba kumene, ulimi wa fodya unamugwetsa mzunguyo, ndipo anagulitsa zonse n'kupita ku Halale. Panatsala msoti umodzi wamawanga akuda ndi oyera, wotsimphina, umene ogula onse anaukana. A Wilbroad anaupempha, nauyendetsa pang'onopang'ono mpaka kwawo ku Chiparamba.

Anthu anabwera kudzaona, ndipo anabwerera akuseka. Iwo ankadziwa ng'ombe zalinunda, zolima, zokoka ngolo, zolowolera akazi. Iyi inalibe linunda, dzuwa likakula inkapuma wefuwefu, ndipo udzu inkafuna wochita kuimwetera. A Wilbroad sanakangane ndi munthu. Anaikweretsa kwa nkhunzi yakomweko, ndipo anauza akazi awo kuti anawo adzatenga mkaka wa make ndi kulimba kwa atate wawo. Zinaterodi. Popita zaka, m'khola munali zamkaka zingapo, ndipo iwo ankasankha mosamala yoti isungidwe ndi yoti igulitsidwe.

Mtima wa a Wilbroad sunali pa khola lawo lokha. Misa ikatha ankaima panja pa tchalitchi n'kumauza abambo anzawo kuti ana a m'midzimo sakanatupa mimba pakanakhala ng'ombe imodzi yotere pakhomo lililonse. M'mawa ankapalasa njinga kukagulitsa mkaka ku Kapata, m'tauni, pobwerera n'kumapatukira m'midzi kukalawitsa anthu wotsalawo. Anthu ankamwa, n'kuthokoza, koma wofuna thole sanapezeke. A Lenia ntchito yawo inali kumweta nsenjere kudambo, kusunga gaga ndi kutsuka zigubu. M'khola sankalowa, pakuti kumeneko mkazi salowamo.

Ana awo anachoka motsatizana. Jairos, woyamba, anapita ku migodi ku Kitwe, akunena kuti watopa kununkha ndowe. Dailes anakwatiwa kutsidya, ku Nyasalande. Kenaka chifuwa chinawagwira a Wilbroad m'nyengo yozizira, ndipo mvula yoyamba isanagwe anawaika m'manda.

Achibale a malemu anatenga ng'ombe zolima ndi njinga. Zamawangazo anazisiya, ati ndi zolemetsa. M'mawa mwake a Lenia anazimva zikulira chifukwa mawere anali atadzaza mpaka kuwawa. Anaima pakhomo la khola nthawi yaitali, akuyang'ana ngati pangatulukire mwamuna aliyense. Njira inali zii. Anamanga chitenje, nachotsa mipiringidzo, nalowa. Manja awo sanadziwe kukama, ndipo ng'ombe yotsimphina ija inagubuduza ndowa, koma pofika madzulo anali ataphunzira.

Nkhaniyo inafalikira. Amayi anzawo anayamba kuwatalikira pachitsime. Pamwamba pa izo, zandale zinali zitatentha, ndipo aliyense wopita ndi ng'ombe ku dibi kapena wolandira mlangizi wa boma ankamutcha wogulitsa dziko. A Lenia nawonso Chitaganya sankachifuna, koma nkhupakupa zinkawaphera ng'ombe. Anapitabe ku dibi, okhaokha mumsewu, ndipo anthu anasiya kuwapatsa moni. Dibiyo itatsekedwa, ankazizula nkhupakupazo ndi zala, imodziimodzi, m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Panali masiku amene mawu okha otuluka m'kamwa mwawo anali oitana ng'ombe.

Chaka china chigodola chinalowa m'deralo, n'kupukuta makola ambiri. Kwa a Lenia chinatenga ng'ombe yotsimphina ija, make wa zonsezo. Tsiku limenelo pakhomo panadzaza anthu ndi mabeseni, kudzapempha nyama. A Lenia anawagawira, ndipo nyama itatha, pabwalo panatsala iwo okha ndi chikopa.

Koma ana a ng'ombeyo, kuphatikizapo nkhunzi imodzi yamawanga, anapulumuka, ndipo anthu anaona. M'mawa wina a Paison, amene munda wawo unachita malire ndi wa a Lenia, anafika chakuseri akukoka ng'ombe yawo yaikazi imodzi yotsala. Anavula chipewa, maso ali pansi.

"Amake Jairos, ndabwera kudzapempha nkhunzi yanu. Koma chonde, anthu asamve."

"Ilowetseni m'khola ng'ombe yanuyo," anatero a Lenia. "Thole likabadwa mudzandiitane ndidzakuonetseni kadyetsedwe kake."

Thole litabadwa, a Paison sanawaitane. Komabe ena anatsatira, aliyense chakuseri, aliyense ndi pempho lomwelo. Popita kutchalitchi a Lenia anayamba kuona matole amawanga m'makola a eni ake. Ankaima pang'ono kunja kwa mpanda, n'kuyang'ana ngati akudya bwino, kenaka n'kupitirira.

Chitaganya chili pafupi kutha, Jairos anabwera atavala jekete, nawauza kuti ku Kitwe kuli chipinda chawo, agulitse zonse apite limodzi. A Lenia anamvetsera mpaka anamaliza. Anamufunsa za ana ake, amene anali asanawaonepo, ndipo anafunsanso mobwereza maina awo kuti asawaiwale.

"Ndikanapita, mwana wanga," anatero, "koma ng'ombe ziwiri zili ndi bere. Ndikazisiya, ozitengawo adzazidyetsa ngati zolima, ndipo zidzafa."

Anamuperekeza mpaka kumsewu wa basi, nabwerera okha.

A Lenia anakhalabe ku Chiparamba mpaka maondo anawakana. M'zaka zawo zomaliza Dailes, ukwati wake utatha, anabwerera kudzakhala nawo, ndipo ndiye anatenga ndowa. Amayi akewo ankakhala pampando kunja kwa khola, n'kumamuuza ng'ombe yoti ayambe kukama ndi imene imaponya mwendo.