Alamu Ali Bwino, Akuthokoza

Nditasiya koleji, kapena tinene kuti koleji itatopa nane, ndinkagona pa sofa kwa achemwali ku Thamesmead. Abale anagamula kuti munthu amene analawako kalasi la Azungu ndiye ayendetse nkhani ya penshoni ya alamu. Ndinaulandira udindowo modzichepetsa, poti ntchito ina ndinalibe.

Alamu anakulira kuno ku dziko la Azungu n'kulowa usilikali wa konkuno. Ku nkhondo ya ku Gulf anabwerako ndi miyendo yonse iwiri, koma galimoto yawo itagubuduzika anamenyetsa mutu. Chibwerereni ankaiwala ketulo pamoto, ankasochera pochoka pa siteji ya basi, chitseko chikamenyetseka ankadzigwetsa pansi. Achemwali sakanawasiya okha, ntchito ya kuchipatala sakanaisiyanso. Penshoni yokwanira ikanalipira munthu wowayang'anira masana.

Tsiku lokaonana ndi dokotala wa boma, achemwali anawameta alamu, kuwasitira suti ya paukwati, kuwadzoza mafuta mpaka chipumi kuwala. Kwa anthu sitipita ngati osowa abale. Atafunsidwa kuti akupeza bwanji, alamu anati ali bwino, akuthokoza Mulungu, kaya adokotalawo. Tulo? Bwinobwino. Kunyumba? Mtendere wokhawokha. Boma linawakhulupirira ndi mtima wonse, n'kuwaika pa mlingo wa penshoni ya munthu wopunthwa chala.

Tinachita apilo. Tinadikira mpaka ana a achemwali anasintha kalasi, ine ndikuimba mafoni n'kumauzidwa kuti fayilo ili m'njira. Fayiloyo inkayenda wapansi.

Tsiku la mlandu ndinapempha kuti alamu avale zomwe amavala pakhomo. Anavala suti.

"Achemwali, lero mukanene zonse," ndinanong'ona m'basi. "Za kunyowetsa matiresi nazonso."

"Iwe, ndikavule mwamuna wanga pamaso pa Azungu?"

"Amalipira zomwezo."

"Kamwa limenelo ndi lomwe anakuchotsera sukulu."

"Sanandichotse. Tinalekana mwamtendere."

Oweruza anafunsa alamu, alamu anali bwino. Anafunsa achemwali, iwo anati bambo amangoiwalako pang'ono. Ndinakweza mkono, ndinauzidwa kuti si nthawi yanga. Mayi wina mwa oweruzawo anayamba kutseka fayilo. Apo m'pamene achemwali anayang'ana pansi n'kuyamba: za matiresi, za khoma lomwe alamu analiboola ndi chibakera, za mwana wawo wamng'ono yemwe alamu amamuitana dzina la mnzawo amene anafera m'galimoto ija. Alamu anangokhala tsonga pampando, manja pamaondo.

Mlingo anaukweza, koma mokwanira woyang'anira wa masiku ena okha. Masiku otsalawo anagwera ine.

Pobwerera, basi itatsala pang'ono kufika, alamu anatembenuka.

"Mayi, zija mwanena zija n'zoona?"

"N'zoona, bambo."

Alamu anati, "Ndiye Azungu aja azimva ine mwiniwake ndisanazimve?"

Achemwali anayang'ana pawindo. Inenso, ngakhale ndinali mkulu wa nkhaniyi, ndinayang'ana pawindo.