Kopo ya Madzi a ku Nhartanda

Chaka changa choyamba pasukulu yaukachenjede ku Tete, aphunzitsi a kimika, sayansi ya mankhwala, anandiika m'gulu la anthu anayi. Anzangawo anali obadwira mumzinda. Ine ndinali nditangotsika kumene kuchokera ku Angónia, ndipo Chipwitikizi changa ankachiseka. Ndinkapirira, chifukwa wopanda gulu sankaloledwa kulemba mayeso.

Ntchito yathu inali kuwiritsa masamba a msau, kusefa madzi ake, n'kuwasakaniza ndi mchere wa zinko. Tikawotcha pamoto waukulu pankatsala ufa woyera, wosalala kuposa phulusa. Ufawo ukauthira m'madzi a utoto n'kuwaika padzuwa, utoto unkazimirira. Wothyola masamba ndinali ine, wotsuka mabotolo ndinali ine, ndipo sindinkadandaula.

Tsiku la chionetsero cha ntchito yathu kwa alendo, mtsogoleri wa gulu, mnyamata wamtali wa ku Chingodzi, anandituma kukatunga madzi m'chithaphwi ku Nhartanda. Tinathiramo utoto wabuluu ndi ufa wathu, ndipo pofika masana anali mbee. Bambo wina mwa alendo anafunsa ngati munthu angamwe. Tonse tinkadziwa kuti tinayesa kuchotsa utoto wokha, za tizilombo sitinayese. Aphunzitsi anali atatuluka.

Mtsogoleriyo anandipatsa kopo. "Imwa, m'bale wanga, abwana aone. Kwanu si mumamwera limodzi ndi ng'ombe?"

Anthu anaseka. Mtsikana wa m'gulu lathu anali atakweza kale foni kuti ajambule kanema. Ndinalandira kopoyo ndi manja awiri monga anandiphunzitsira amayi, n'kumwa madzi onse. Ankamveka matope ndi chitsulo. Ndinathokozanso.

Ndinagona masiku angapo ndikutsekula m'mimba. Nditabwerera, aphunzitsi anali ataonera kale kanemayo. Anandiimiritsa pamaso pa kalasi, nati lamulo loyamba la m'labolatoriyo ndi losaika kanthu m'kamwa. Anafunsa ngati wina anandikakamiza. Mtsogoleri ankandiyang'ana akumwetulira. Ndinati ayi, poganiza kuti ndikamubisa andisunga.

Kenako aphunzitsi anafunsa gulu ngati likundifunabe.

"Munthu wosamva malamulo atigwetsa tonse, aphunzitsi," anayankha mtsogoleriyo, manja ali kumbuyo.

Mayeso a chaka chimenecho sindinalembe. Tsiku limene ndinapita kukatenga mabuku anga, mtsogoleri uja anandiimitsa pachipata. Masamba anali atawathera, ndipo sankadziwa komwe ndinkawathyola. Ndinamulongosolera njira yonse, mpaka pamtengo wa msau weniweniwo.