Nanzikambe wa Achemwali Anga

Kwathu ku Nazombe, chaka chimene sukulu inakhala yaulere, achemwali anga a Esinati anabwerera m'kalasi atakula kale. Abambo anawalola monyinyirika, amvekere akangowachititsa manyazi kamodzi, basi, abwerere kotola nkhuni. Ine ndi iwo tinali kalasi imodzi pansi pa mtengo wa mango, iwo kumbuyo kwenikweni, atadzipinda ngati mlendo pamaliro.

Tsiku lina aphunzitsi anatilembetsa kuti nanzikambe amasintha mtundu kuti afanane ndi pamene wakhala. Tonse tinabwereza ngati nyimbo. Achemwali okha anakweza dzanja. Anali atatha zaka akukwera phiri ndi chikwanje, ndipo anati nanzikambe amada m'mawa kukazizira, ngakhale ali patsamba lobiriwira, ndipo amadanso akapsa mtima.

"Ndiye kuti buku likunama, a profesa a nkhuni?" anafunsa aphunzitsi. Kalasi inafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka, ndipo zimandipwetekabe mpaka lero.

M'mawa mwake achemwali anabwera ndi nanzikambe pakanthambi, mapazi ali mame okhaokha. Anamuika pachitenje chawo chofiira. Kanyamako kanangokhala kobiriwira, maso akuzungulira uku ndi uku. Atakakhudza ndi kamtengo kanadzitukumula, kanayasamula, n'kuda bii pachitenje chofiira chomwecho. Aphunzitsi anaona, ine ndinali pafupi nawo. Koma atsikana anali atayamba kale kukuwa kuti kabweretsa tsoka, anyamata n'kukaphwanya ndi miyala. Achemwali anakwapulidwa chifukwa chosokoneza kalasi, pamaso pa ana amene ankawabereka kumsana.

Nkhani inafika kunyumba ife tisanafike. Abambo sanakalipe n'komwe, anangoloza chingwe chomangira nkhuni. Mvula isanagwe achemwali anakwatiwa kwa Mkhumba, kope lawo n'kumalizira ine. Pamayeso funso lija linabweradi. Ndinalemba za m'buku, ndinakhoza.

Masiku ano ana amatsutsa mphunzitsi ndi foni m'manja, palibe amawakwapula. Mwana wanga anandiwerengera pafoni pomwepo kuti kuzizira ndi mkwiyo zimasinthadi nanzikambe mtundu. Phiri mbali yathu latha mitengo, ndipo tinyamato tayamba kusowa, koma ndinakwerabe njinga kukawauza achemwali kuti sanalakwe. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mpeni osauika pansi.

"Nanzikambe uti, achimwene? Ine zakusukulu ndinaiwala."